Babu likayaka sizitanthauza kuti ndi metal

Aphunzitsi, mukuti ana akulephera za metal ndi non-metal chifukwa chosowa labu ku CDSS kwanuko ku Mchinji, koma limenelo si vuto lalikulu. Chimene chikugwetsa ana ndi manotsi aja ongokopera kwa anzathu, oti metal iliyonse ndi yolimba, imakokedwa ndi maginito, ndipo non-metal sidutsitsa magetsi. Amene amawalemba ndi kuwagulitsa amandikwiyitsa kwambiri.

Taonani zimene zimachitika pa practical. Mwana wapatsidwa mabatire awiri a 1.5V, babu la tochi, mawaya ndi mtima wa pensulo. Walumikiza, babu layaka pang'ono. Manotsi aja amamuuza kuti choyatsa babu ndi metal, ndiye alemba "metal". Funso lotsatira likufuna chifukwa, alembanso za metal, malikisi onse apita, pomwe mwana waona bwinobwino ndi maso ake. Mtima wa pensulo ndi graphite, carbon yeniyeni, non-metal. Atomu iliyonse ya carbon mmenemo imagwirana ndi maatomu ena atatu okha, electron yachinayi imayenda momasuka, ndiyo imadutsitsa magetsi. Babu limayaka mofooka chifukwa graphite wa pensulo amasakaniza ndi dongo; kachidutswa kakafupi ka 2B kamayatsa bwino kuposa HB.

Maginito nawonso amanamiza. Amakoka iron, nickel ndi cobalt, koma poto wa aluminium ndi waya wa copper ayi.

Tengani hamala. Waya wa copper uphwatalala, khala lifumbutuka. Aluminium muyambe mwaipala ndi sandpaper musanaiike pa mawaya a babu lija, chifukwa kakhungu ka oxide kamatchinga magetsi. Mukapeza magnesium ribbon, yomwe ndi metal, iotcheni, phulusa lake loyera m'madzi lisandutsa litmus (kapepala koyesera acid ndi base) yofiira kukhala yabuluu. Utsi wa sulphur, yemwe ndi non-metal, umachita zosiyana, yabuluu yonyowa ifiira, koma muotchere panja, umatsamwitsa.

Za metalloid, zinthu za pakati pa metal ndi non-metal, alozereni sola ya padenga. Muli silicon, wonyezimira ngati chitsulo koma wophwanyika, wodutsitsa magetsi pang'ono. Akatentha amadutsitsa kwambiri, pomwe copper akatentha amachepetsa.

Kuloweza ndimadana nako, komabe izi aloweze basi, mayeso sadikira: mercury ndi metal yamadzimadzi, bromine ndi non-metal yamadzimadzi, sodium amadulidwa ndi mpeni ndipo amayandama pamadzi, iodine amanyezimira koma si metal. Ma metalloid ndi boron, silicon, germanium, arsenic, antimony ndi tellurium. Sodium musapatse mwana m'manja, azikhala m'mafuta a palafini.