Mbalame zobwera ndi dzinja: zimadziwa bwanji njira, nanga tingazidalire pobzala?

Funso loyamba: anamzeze amene amadzaza pa mawaya a magetsi kuyambira mu Okutobala amachokera kuti, ndipo sasochera bwanji?

Ambiri mwa iwo amaikira mazira ku Ulaya, ndipo amabwerera komweko cha mu Malichi ndi Epulo. Njira amaidziwa m'njira zingapo. Masana amayang'ana pamene pali dzuwa, ndipo thupi lawo limadziwa nthawi, kotero dzuwa likapendeka iwo sapendeka nalo. Mbalame zoyenda usiku zimatsata nyenyezi. Kukachita mitambo, zimamva mphamvu ya maginito ya dziko lapansi, yomwe imasonyeza mbali ya kumpoto ndi kumwera. Mbalame yaikulu, imene inayendapo kale ulendowu, imakumbukiranso mitsinje, nyanja ndi mapiri zimene inadutsa kale.

Kusiyana kwa yaing'ono ndi yaikulu kunaoneka bwino mu 1958, pamene katswiri wina, Perdeck, anafotokoza za mbalame pafupifupi 11,000 za mtundu wina zimene anazigwira zili pa ulendo ku Netherlands n'kukazimasula ku Switzerland. Zazing'ono zinangolunjika mbali imene zinabadwa zikuidziwa, n'kukathera kolakwika. Zazikulu zinakhota n'kulowera kumalo ake enieni.

Funso lachiwiri: tikaona anamzeze, tiyambe kubzala?

Ayi, chonde musatero. Chimene chimawanyamula ku Ulaya ndi kufupika kwa masiku ndi kuchepa kwa tizilombo kumeneko, osati mvula ya kuno. Amatha kufika mvula ikadali kutali, mbewu yanu n'kupsera m'nthaka. Dikirani mvula yokhazikika ya mamilimita 25 mpaka 30, kumbani muone ngati chinyontho chalowa kuya kwa chikhatho, ndipo mverani uthenga wa nthambi yoona za nyengo.

Dokowe wakuda wa mimba yoyera ndiye amatsatadi mvula. Amaswana kuyambira ku Senegal mpaka ku Eritrea, n'kubwera kuno cha mu Novembala. Gulu lake likatera m'munda kapena m'dambo, pitani mukayendere: kawirikawiri pamakhala ziwala kapena ntchemberezandonda. Musamuthamangitse, akukugwirirani ntchito. Mukapopera mankhwala pamene gululo likudya, limameza tizilombo tapoizoni n'kufa nalo.

Funso lachitatu, la alimi a mpunga ndi mapira ku chigwa cha Shire ndi ku nyanja ya Chilwa: bwanji mbalame za kwelea, zing'onozing'ono zija zouluka m'magulu akuluakulu, zimasowa mvula ikayamba, n'kudzabwera mbewu zikucha?

Chakudya chawo ndi njere za udzu. Mvula yoyamba ikagwa njerezo zimamera, chakudya n'kutha, ndiye zimaulukira kumene mvula inayamba masabata 6 mpaka 8 m'mbuyomo, komwe udzu wabereka kale. Kenako zimabwerera zikutsata udzu wakucha, n'kupeza mpunga wanu uli pa mkaka. Mbalame imodzi imatha kuwononga magalamu 10 a njere patsiku, ndipo zimabwera zikwizikwi.

Bzalani nthawi imodzi ndi anzanu oyandikana nawo, chifukwa munda wocha wokha ndi umene umatheratu. Palirani udzu m'munda ndi m'malire usanabereke njere, popeza ndi umene umaziitana. Yambani kuingitsa njere zikangoyamba mkaka, makamaka m'mawa ndi madzulo, ndipo zoopsezera muzizisuntha masiku awiri kapena atatu alionse, chifukwa zikazolowera siziopanso. Mukapeza bango kapena mitengo yaminga kumene zimagona, dziwitsani alangizi a m'dera lanu msanga, zisanamange zisa.