Uphunzitsi wanga unathera pabwalo la ndege? Yankho kwa mayi amene ali pa Band 5 ku England

Mayi wina andilembera imelo kuchokera ku England. Kwawo anali mphunzitsi pa koleji ya anamwino kwa zaka zambiri. Anakhoza mayeso a Chingerezi a OET, mayeso a pa kompyuta a CBT ndi mayeso a ntchito yamanja a OSCE, bungwe la NMC loyang'anira anamwino ku UK linawalembetsa, ndipo pano ali pa wodi ngati namwino wa Band 5, giredi yoyambira ya namwino wolembetsedwa. Akuti: "Amene amandiyang'anira ndi msinkhu wa ana amene ndinkawaphunzitsa. Usiku ndikamatembenuza odwala ndimadzifunsa kuti ndinadzatani kuno. Kodi uphunzitsi wanga unathera pabwalo la ndege?"

Mayi, sunathe ayi, koma sunawoloke nanu. NMC imalembetsa namwino, siiyang'ana kuti kwanu munali ndi ofesi yokhala ndi dzina lanu pachitseko. Ambiri ochokera kunja amayambira pa Band 5, kaya anali sisitala wamkulu kaya mkulu wa dipatimenti. Zimapweteka, ndipo sindikuuzani kuti zisakupwetekeni. Chimene ndikukana n'choti muzione wodiyo ngati ndende, chifukwa njira yobwerera ku uphunzitsi imadutsa pomwe mwaimapo.

Maphunziro a unamwino ku UK amatenga maola 4,600, ndipo theka lake, 2,300, ndi a ntchito yamanja, ambiri mwa iwo pakati pa odwala. Ophunzira amabwera okha pa wodi panu. Malamulo amene NMC inatulutsa mu 2018 amalola namwino wolembetsedwa kukhala practice supervisor, woyenda ndi wophunzira tsiku ndi tsiku. Akakonzekeretsedwa amatha kukhala practice assessor, amene amasaina kuti wophunzirayu wakhoza kapena ayi. Auzeni a manijala a wodi kuti mukufuna zimenezi. Musadikire kuti aona okha luso lanu. Kumeneko wokhala chete amamutenga kuti wakhutira.

Khomo lina ndi anamwino atsopano ochokera kunja. Zipatala zambiri za boma, za NHS, zili ndi anthu owakonzekeretsa OSCE. Inu munadutsamo m'masiteshoni 10 aja, mukudziwa mmene manja amanjenjemerera pamene wolemba malikisi akuyang'ana ngati mwasamba m'manja ndi kufunsa wodwala dzina ndi tsiku lobadwa musanamupatse mankhwala. Dziperekeni. Ntchito za practice educator kapena clinical educator, zophunzitsa anamwino pachipatala, zomwe nthawi zambiri zimakhala Band 6 kapena 7, zimakonda kugwera amene anayamba kuthandiza mpando usanalengezedwe. Za kuyunivesite n'zotheka, koma kawirikawiri amafuna digiri ya masitazi ndi satifiketi ya uphunzitsi ya PGCert. Mapepala anu akwanu atumizeni ku bungwe la UK ENIC akawayerekeze ndi a kumeneko. Ndipo musanasinthe bwana funsani za viza, poti imamangirirana ndi amene anakuitanani.

Tsono chovuta kwenikweni, mwa kuona kwanga, si mapepala koma kaphunzitsidwe. Wophunzira wa kumeneko adzakutchulani dzina lanu loyamba, popanda "Madamu". Mukamuuza kuti achite chakuti, adzafunsa chifukwa chake, mwinanso n'kutulutsa ndondomeko ya chipatala pa foni. Si chipongwe, amaphunzitsidwa choncho. Kumudzudzula mokweza pamaso pa wodwala, chinthu chimene ambirife tinakulira nacho ndipo tinkati ndiye kuumba namwino, kumeneko kungakubweretsereni dandaulo lolembedwa. Mumamutengera pambali, kumufunsa mmene iye waonera, kenako n'kulemba zimene mwagwirizana. Kumbali inayo, manijala akakufunsani mofatsa ngati mungakonde kuchita chinthu, dziwani kuti wakutumani. Kudikira lamulo lomveka ngati lamulo kwapusitsa ambiri.

Mnyamata kapena mtsikana amene akukuyang'anirayo musamuchepse. Akudziwa amene muyenera kumuimbira wodwala akayamba kufooka, akudziwa mawerengedwe a NEWS2, oyezera ngati wodwala akufooka, ali m'tulo, akudziwa mmene amatulutsira nkhalamba imene kunyumba ilibe woisamala. Zimenezi simungaphunzitse musanazigwire ndi manja anu. Inunso muli ndi zimene iye alibe: diso loona wodwala makina asanalire.

Pa zaka zitatu zilizonse, kuti mukhalebe wolembetsedwa, NMC idzafuna maola 450 a ntchito, maola 35 a maphunziro owonjezera ndi zolemba zisanu zosinkhasinkha ntchito yanu. Lembani za ophunzira amene mwawathandiza, sungani ndemanga zawo. Faelo yomweyo ndi imene mudzanyamule popita ku intavyu.

Mwatchulanso kutopa ndi kusungulumwa. Mu Disembala dzuwa limalowa 4 koloko isanakwane, ndipo wa shifiti ya maola 12 amatuluka kuli mdima n'kubwerera kuli mdima. A NHS amalangiza kumwa vitamini D m'miyezi yozizirayo. Akhungu lakuda amalangizidwa kuganizira zomwa chaka chonse. Mashifiti owonjezera ndi okoma pa malipiro, koma tsiku limodzi lopuma lisiyeni likhale lanu, ndipo ngati kulemera kwa mtimaku kukupitirira, kaonaneni ndi dokotala wanu (GP) kapena a occupational health, oona za umoyo wa ogwira ntchito pachipatala panu.