M'buku mwanga alemba "VIA positive", ndiye kuti ndi khansa?

Funso: Zikomo achemwali. Ndine mayi wa zaka 36. Ndinakayezetsa khomo la chiberekero, anesi anangolemba m'buku kuti VIA positive nkundiuza ndibwerenso, mzere unali wautali ndiye sindinafunse zambiri. Apongozi akuti imeneyo ndi khansa basi, pa gulupu ya WhatsApp ena akuti ndisalole kundidula kanyama chifukwa khansa ikangokhudzidwa ndi mpeni imafalikira. Tulo sindikuona. Mayi wa ku Area 25, Lilongwe.

Yankho: Amayi, mtima m'malo kaye. VIA positive si khansa ayi. Poyeza paja amapaka viniga pakhomo la chiberekero, pakaoneka malo oyera ndiye kuti mwina maselo ena ayamba kusintha, kawirikawiri chifukwa cha kachilombo ka HPV, koma kuti zifike pa khansa yeniyeni zimatenga zaka 15 mpaka 20, kwa amene chitetezo chawo chatsika monga omwe ali ndi HIV koma sakumwa ma ARV zimafulumira, zaka 5 mpaka 10. Nchifukwa chake anakuuzani mubwerenso. Nthawi zambiri malo aja amawatentha ndi kachipangizo, mphindi zochepa chabe, mubwerera kunyumba tsiku lomwelo.

Za kanyamazo, amatenga akafuna kutsimikiza ku labu, ndipo ndi zotsatira zakezo zimene zimanena ngati ili khansa kapena ayi. Amene mumamva kuti anamwalira atadulidwa kanyama, ambiri amakhala kuti anafika matenda atapita kale patali, mwina atayamba azungulira kwina miyezi. Ikapezekadi amakutumizani ku Kamuzu Central, kuli malo a odwala khansa, ndipo yopezeka msanga imachizika.

Chimandiwawa ine nchakuti m'buku amalemba Chingerezi cha madokotala, ngakhale wa MSCE sangamve, ndiye munthu umatuluka mwamanyazi nkukafunsa apongozi. Kufunsa si mwano amayi, thupi ndi lanu. Mukapitanso funsani kuti mwapeza chani kwenikweni, ndipange chani, ndibwere liti, auzeni afotokoze m'Chichewa, kenako inuyo mubwereze m'mawu anu kuti aone ngati mwamvadi. Tengani mchemwali wanu azikamvera nawo, munthu ukakhala ndi mantha zambiri zimakudutsa.

Ngati muli ndi mwana wamkazi wa zaka 9 kupita m'mwamba mufunsenso za katemera wa HPV, boma linayamba kupereka dziko lonse mu 2019. Koma inuyo tsiku limene anakupatsanilo musaliphonye chonde.