Ukapita ku Comic Con, nthawi yako uithere pa matebulo a ojambula

Achimwene a ku Senga Bay, funso lanu ndaliona: mwasunga kandalama kuti mukaone Comic Con, chionetsero cha makomiki (mabuku osimba nkhani m'zithunzi) ndi mafilimu, ku Joni, ndipo mukufuna kudziwa ngati nkwanzeru komanso momwe munthu amalankhulira ndi anthu amene amajambula makomiki. Ena amene akuyankhani akuti mungogula njinga. Musawamvere onse. Pitani, koma mudziwe kumene ndalama ndi nthawi yanu zikathere.

Poyamba za malo. Comic Con Africa inayamba mu 2018 ku Kyalami, ndipo kuyambira 2022 yakhala ikuchitikira ku Johannesburg Expo Centre ku Nasrec, pafupi ndi bwalo lija anaseweramo fainolo ya World Cup ya 2010. Mwambowu unachokera ku America, kumene wa ku San Diego unayamba mu 1970, koma ku Africa kuno ulinso ku Lagos ndi ku Nairobi. Kwa ife a ku Salima wa ku Joni ndiye wofikirika, chifukwa basi ilipo. Mukwere minibasi kupita ku Lilongwe, kenako basi yodutsa ku Tete, Zimbabwe mpaka Beitbridge, nkukatsikira ku Park Station. Ulendo wake ndi wa tsiku ndi usiku nkupitirirapo, ndiye musafike m'mawa wa tsiku la chionetsero, mudzangogona pa mpando. Pasipoti ikhale yosatha msanga, ma rand muyambe kusaka pano poti ndalama zakunja mukudziwa mmene zikuvutira, ndipo tikiti yolowera ku chionetserocho mugule pa intaneti musananyamuke. Mutengenso juzi. Joni ali pamtunda wa mamita oposa 1,700, ndipo thupi lozolowera kutentha kwa kunyanja limanjenjemera m'mawa.

Tsono nkhani yeniyeni. Mukalowa, maso amayamba athamangira kwa akatswiri a mafilimu amene abwera kuchokera kunja. Amenewo tikiti yolowera siikufikitsani kwa iwo. Kusainitsa amalipiritsa padera, kujambulitsa nawo chithunzi padera, mtengo wake ndi wowawa ukausintha m'makwacha, ndipo mumaima pamzere nthawi yaitali kuti mupatsane moni wa mphindi imodzi. Amene ali nazo achite, sindikuwanyoza. Koma inu mwanena kuti mumajambula, ndiye malo anu ndi Artist Alley. Ndi mizere ya matebulo pamene ojambula ndi olemba amakhala okha ndi mabuku awo, kugulitsa ngati mmene amayi amayalira usipa pa Kamuzu Road: mwini katundu ali pomwepo, mutha kufunsa chilichonse. Ambiri mwa iwo tebulolo alipira ndi ndalama za m'thumba mwawo, kusindikiza bukulo chimodzimodzi. Mukakumbukira zimenezi, mudziwa nokha kakhalidwe koyenera.

Mufike m'mawa chipata chikangotsegulidwa, makamaka tsiku losakhala Loweruka, anthu asanadzaze. Mupereke moni monga tinaleredwera, munene kuti mwachokera ku Malawi m'mbali mwa nyanja. Zimenezo zokha zimatsegula nkhani, chifukwa si tsiku lililonse amakumana ndi munthu amene wadutsa malire atatu. Musanayambe mafunso, mutsegule buku lake muwerenge masamba angapo. Funso loti "ndingakhale bwanji wojambula wotchuka" amalimva tsiku lonse ndipo yankho lake ndi lija loti limbikirani. Koma mukaloza tsamba nkufunsa kuti n'chifukwa chiyani apa anajambula chithunzi chimodzi chachikulu pomwe tsamba linalo lili ndi tizithunzi tambiri, kapena kuti amayamba ndi pensulo kapena pa kompyuta, kapena kuti anasindikiza makope angati koyamba ndipo anawagulitsa motani, munthuyo amakhala tsonga. Mugulepo kanthu, ngakhale kakang'ono. Mukagula buku kwa mwini wake nthawi zambiri amakusainirani osalipiritsa, ena amawonjezerapo kachithunzi pachikuto. Wina akabwera kudzagula, mupatuke kaye. Munthu ali pa malonda.

Zojambula zanu mutenge, koma osati chikwama chonse. Masamba asanu kapena asanu ndi limodzi otsatizana, osimba nkhani, amaposa zithunzi makumi atatu za nkhope zokhazokha. Ndipo apa ndinene mosabisa: musanyamule Spider-Man wokopera. Kumeneko alipo anthu mazana omujambula bwino kukuposani. Chimene alibe ndi siginala ali pa bwato usiku ndi nyali zake, alovi akukoka chilimira, mwera utawinduka pakati pa nyanja, Gule Wamkulu akutuluka kudambwe. Taonani wojambula Loyiso Mkize wa ku South Africa: Kwezi, ngwazi ya m'makomiki ake, anadziwika chifukwa ndi mnyamata wa m'tauni ya kwawo, wolankhula ngati anyamata akwawo. Mupemphe kaye kuti, "Muli ndi kanthawi koti muone ntchito yanga?" Akakana musakhumudwe. Akavomera nkuyamba kukuuzani kuti manjawa ndi opindika, mawuwa achuluka, musadziteteze. Mulembe m'kabuku, muthokoze, mufunse ngati mungamutsatire pa Instagram.

Za ovala ngati anthu a m'makomiki, amene amati cosplay, ndi zosangalatsa ndithu, mudzaseka. Kungoti muzipempha musanajambule munthu, ndipo zovala zake musagwire. Ena asoka miyezi yambiri.

Ndalama muigawe musanalowe: ya chakudya, ya thiransipoti yobwerera kogona, ya mabuku. Muyende kaye mizere yonse osagula, kenako mubwerere kumene mtima watsalira, apo ayi pofika masana m'thumba muli mbee. Mabukuwo muwaike m'pulasitiki pakati pa zovala, chifukwa chikwama cha pansi pa basi chimaponderezedwa ndi katundu wa amalonda kuyambira Park Station mpaka Lilongwe.