Ziboliboli za a Inuit: mmene malonda ake amayendera

Achimwene, mwafunsa kuti ziboliboli zamwala za a Inuit (eni nthaka a kumpoto kozizira kwa Canada), zimene makampani ndi akazembe a ku Canada amakonda kupereka ngati mphatso, timazipeza bwanji, komanso ngati munthu wa mpamba wochepa angalowemo. Angalowemo ndithu, koma adziwiretu kuti pamalondawa amadya bwino ndi amene amasamala mapepala, kuposa wongodziwa mwala wokongola.

Kumpoto kwenikweniko sitipitako. Ku Nunavut, chigawo cha a Inuit kumpoto kwa Canada, kulibe msewu wochokera kumwera kuno. Katundu amayenda pandege, kapena pasitima ya pamadzi m'miyezi yochepa imene nyanja yasungunuka. Wosema wa ku Kinngait, mudzi wa ku Nunavut, amagulitsa ntchito yake ku kopaletivi ya kwawo ya West Baffin, yomwe idayamba mu 1959, ndipo iyo imatumiza katunduyo ku Dorset Fine Arts mu Toronto. Makopaletivi ena amadzera ku Canadian Arctic Producers, pomwe za ku Nunavik, kumpoto kwa Quebec, zimadzera ku FCNQ, mgwirizano wa makopaletivi a kumeneko, womwe uli kufupi ndi Montreal. Ife timapikula kumeneko, ndipo safuna munthu wongodutsa, amafuna bizinesi yolembetsa.

Musapikule chiboliboli chopanda kapepala ka Igloo Tag, kotsimikizira kuti adachisema ndi mu Inuit. Boma la Canada lidakhazikitsa chizindikirochi mu 1958, ndipo kuyambira 2017 chili m'manja mwa Inuit Art Foundation. Pamalembedwa dzina la wosema ndi mudzi wake. M'masitolo a alendo mwadzaza zimbalangondo zoumbidwa m'chikombole kufakitale, zofananafanana ngati mapasa, ndipo kampani ikazindikira kuti idapatsa mlendo wake wolemekezeka feki, simudzaimvanso pafoni. Tembenuzaninso chibolibolicho: osema ambiri amazokota dzina lawo kunsi, nthawi zambiri m'zilembo za Inuktitut, chinenero cha a Inuit.

Pamene anthu amalira ndi pamalire. Mwala paokha suvuta. Chovuta ndi tinthu tomatidwa pamwalapo. Lamulo la America la mu 1972, Marine Mammal Protection Act, sililola kulowetsa mnyanga wa walrus, mnyanga wa narwhal (zonsezi ndi nyama za m'nyanja) kapena fupa la namgumi kuchokera ku Canada. Chiboliboli chikhoza kukhala chamwala chonse, koma ngati wosema adaikapo timano tiwiri ta mnyanga, a kasitomu a pamalire amachilanda, Igloo Tag ilipo kapena ayi. Kumaiko ena zoterezi zimadutsa ndi chiphaso cha CITES (pangano la maiko loteteza nyama zakutchire pamalonda), koma chiphasocho chimatenga nthawi, pomwe wogula mphatso amakhala ndi tsiku la mwambo lomwe silisuntha. Ine oda yopita kunja ndimalandira ya mwala wokhawokha basi. Samalaninso ndi zakale: chiboliboli chopitirira zaka 50, chomwe wosema wake adamwalira, chikhoza kufuna chilolezo cha boma chisadatuluke m'Canada.

Mtengo suchokera pachuma cha wopereka, umachokera palamulo lomanga wolandira. Nduna ya ku Canada ikalandira mphatso ya madola 200 kapena kuposa imayenera kuulula, ndipo ikafika madola 1,000 imapita ku boma. Wogwira ntchito m'boma la America naye ali ndi malire a mphatso yochokera ku boma lakunja, omwe mu 2023 adaikidwa pa madola 480. Choncho musamange mpamba wanu m'chiboliboli chachikulu cha wosema wotchuka. Zimene zimayenda ndi zazing'ono zokwana m'manja: kadzidzi, inuksuk (miyala yosanjikiza ija ili pambendera ya Nunavut), ndi chimbalangondo chovina, chimene malemu Pauta Saila adachitchukitsa. Kunena zoona, chimbalangondocho chidanditopetsa, koma ndi chimene chimalipira lendi.

Chimenecho ndiye chovutanso kulongedza, poti chimaima ndi mwendo umodzi. Mwala wa ku Kinngait nthawi zambiri ndi serpentine, mtundu womwewo umene osema a ku Zimbabwe amagwiritsa ntchito, ndipo ukagunda pansi umasweka pamalo opyapyala. Kulungani mwendo uliwonse paokha, ikani bokosi m'bokosi linzake, ndipo inshuwalansi musaiumire.

Makampani ena adzakupemphani kuti muzokote chizindikiro chawo pamwalapo. Kanani, chifukwa mukatero mwawononga ntchito ya wosema ndi mtengo wake womwe. Dzina la kampani liikeni pakathabwa kokhazikapo chibolibolicho. Oda za Khrisimasi pikuliranitu cha mu Seputembala, chifukwa kampani yofuna zimbalangondo 30 za msinkhu umodzi simungaipezere tsiku limodzi, poti chilichonse chimasemedwa ndi manja.