Tiyi wotsuka m'mimba akungondithandiza tsiku limodzi, nditani?

Mayi wina wandilembera pa imelo kuti amatha masiku anayi kapena asanu osachita chimbudzi, ndipo chikabwera chimakhala chouma, timibulu ngati ta mbuzi. Anagula tiyi wazitsamba wotsuka m'mimba. Akamwa amatsekula, koma pakapita masiku ochepa vuto lija labwereranso. Akufunsa ngati pali mankhwala achilengedwe othetseratu kudzimbidwa.

Mayi, ndiyambe ndi tiyiyo. Ambiri mwa matiyi amenewa amakhala ndi masamba a senna kapena utomoni wa aloe vera, zomwe zimatokosa matumbo kuti akankhe zonse msangamsanga. Thumbo lalikulu likakhuthulidwa chonchi, pamatenga masiku awiri kapena atatu kuti lidzazenso. Inu mukaona kuti kuli zii mumaganiza kuti mwadzimbidwanso, n'kumwanso tiyi uja, osafika poona ngati m'mimba mungayende mokha. Senna ndi mankhwala ndithu, ngakhale achipatala amapereka, koma sakonza chomwe chaumitsa chimbudzicho. Ndipo zomwe zimandidetsa nkhawa n'zakuti mapaketi ena salemba mlingo wake.

Chimbudzi chimafewa ndi zinthu ziwiri: madzi, ndi zakudya zokhala ndi gaga kapena ulusi wosagayika, zomwe munthu wamkulu amafunika magalamu 25 mpaka 30 patsiku. Apa m'pamene nsima ya ufa woyera imatipweteka. Pokonola chimanga, madeya omwe matumbo amafuna timapatsa nkhuku ndi nkhumba. Wina m'mawa tiyi ndi buledi woyera, masana tchipisi, madzulo nsima yoyera ndi nyama, masamba kungolawa. Bwererani ku mgaiwa, ngakhale kamodzi patsiku. Onjezani nyemba, nandolo kapena khobwe, therere, nkhwani, bonongwe, mbatata yosasenda, ndi papaya wakupsa m'mawa. Mango idyani ndi ulusi wake womwe, osati kungomwa juwisi.

Vuto n'lakuti njirayi imachedwa, ndipo ambiri amaisiya panjira. Mukayamba zonsezi tsiku limodzi, mimba imafufuma ndi mpweya. Onjezani pang'onopang'ono, ndipo dikirani masabata angapo musanaweruze. Mukachulukitsa gaga osamwa madzi okwanira, zinthu zikhoza kuipiraipira. Mkodzo ukakhala wachikasu kwambiri, dziwani kuti madzi akuchepa.

Chinanso chomwe anthu sakonda kuchitchula: kudzigwira. Zimbudzi za kuntchito kapena kumsika zikakhala zauve, munthu amapirira mpaka madzulo, pomwe thumbo likupitiriza kuyamwa madzi m'chimbudzicho. Matumbo amatakataka kwambiri mukangodya chakudya cham'mawa, choncho dzipatseni mphindi khumi nthawi imeneyo musanatuluke m'nyumba. Ngati chimbudzi chanu n'chokhalira, pondani pa kampando kuti mawondo akwere kuposa chiuno, monga timanjutira pa chokumba. Kuyenda wapansi kumathandizanso.

Simunanene ngati muli oyembekezera kapena mukumwa mankhwala ena. Mapiritsi owonjezera magazi a kusikelo, komanso opha ululu monga codeine, tramadol ndi morphine, amaumitsa m'mimba. Musawasiye panokha, auzeni adokotala, pali zofewetsa ngati lactulose. Woyembekezera asamwe aloe kapena mafuta a nsatsi, ndipo njere za nsatsi ndi poizoni weniweni. Khanda nalo lisapopedwe madzi a sopo kapena azitsamba kumbuyo.

Pali nthawi yomwe papaya alibe ntchito. Mukaona magazi m'chimbudzi, mukamaonda popanda chifukwa, kapena kudzimbidwaku kwangoyamba mwadzidzidzi muli ndi zaka zoposa 50, kapimitseni. Mimba ikatupa, mukusanza, ndipo ngakhale mpweya sukutuluka, thamangirani kuchipatala tsiku lomwelo osamwa chotsekula chilichonse, chifukwa mwina thumbo lapotokola kapena latsekeka, ndipo zimenezo zingafune opaleshoni.