Galu m'nyumba ku England: dikirani kaye

Asisi, mwafunsa ngati n'kwanzeru kugulira ana galu mutangofika ku England. Ine ndingati dikirani kaye mpaka muone mmene nyengo yozizira imakhalira.

Kuno galu amakhala m'nyumba, ndipo amafunika kuyenda naye panja tsiku lililonse, kaya mvula ikugwa kaya ayi. Nyengo yake ndi yosapanganika: m'mawa dzuwa, pofika masana kamvula kowaza ndi mphepo yolowa m'mafupa. Mu Disembala ku London dzuwa limalowa 4 koloko isanakwane, ndiye ana amene akulonjeza lero kuti azimuyendetsawo adzakusiyirani inuyo ntchitoyo. Pakhomo pazikhala thaulo lakale lomupukutira matope.

Kuyambira 2016 lamulo limafuna kuti galu aikidwe microchip (kachipangizo kakang'ono koikidwa pansi pa khungu komuzindikiritsa), amphaka nawonso kuyambira 2024. Chimbudzi cha galu mumatola nokha m'kajumbo, apo ayi mulipira chindapusa. Ngati nyumbayo ndi yalendi, funsani kaye eni ake.

Pa nthawi ya chakudya musamuzoloweretse kupempha patebulo. Anyezi, mphesa ndi chokoleti ndi poizoni kwa galu, choncho ana asamamuponyere zotsala m'mbale. Muzimupatsiratu zake musanayambe kudya, kuti azikagona phee pakona.